Mlendo amene Selina anamulowetsa

Nkhaniyi sindinaitole m'basi. Inachitikira mkulu wanga Selina, ndipo a Medson, amene amayendetsa takisi kunja kuno, mumzinda wa Hamilton, anali panja pa nyumbayo. Kawafunseni. Ndikuilemba chifukwa amene anamuchotsa ntchito Selinayo akufalitsa zawo, ndipo zawozo ndi bodza.

Selina ankasamalira mzungu wokalamba ku Oakville, Conrad Wexley, wa ku Mangalande, wolemba mabuku a nkhani za akazitape. Ali mnyamata anagwirako ntchito yachinsinsi ya boma la atsamunda ku Zomba. Mabuku akewo ndinawabwereka ku laibulale n'kuwawerenga ndikutukwana. M'buku limene linamutchukitsa muli womasulira wachikuda amene amagulitsa anzake, kenako n'kuponyedwa mumtsinje. Ngakhale dzina sanamupatse.

Maso a mzunguyo anali atafa, ndiye buku lomaliza ankachita kulilankhula, foni yake n'kumajambula mawu. Lamulo la m'nyumbamo linali limodzi: Chichewa chisamveke, ngakhale amayi ayimbe foni kuchokera kumudzi. Anthu a kwathu sankawafuna, kungoti ejensi yotumiza anthu osamalira okalamba inalibe wina womutumizira.

Linali Lachinayi la mu Disembala, dzuwa litangolowa, shifiti ili pafupi kutha. Selina anali kukhitchini akukonza mankhwala, mkuluyo ali pabalaza akulankhula ndi foni yake. Firiji inasiya kulira. Kenako fungo: dothi la mvula yoyamba, ndi utsi wa chingambwe. M'nyumba yotseka mawindo, kunja kuli sinowo.

"Odi."

Mawu a bambo, aulemu, otopa, pakhomo lakutsogolo.

Tandiuzani, ndani wa ife amayamba waganiza kaye akamva odi? Pakamwa pamayankha pokha.

"Eee, lowani!"

Mkuluyo anakuwa. M'Chichewa, choyera, chimene Selina sankadziwa kuti ali nacho.

"Wayankhiranji, mwana iwe? Zaka zonsezi palibe anamuyankhapo!"

Chitseko chinali chokhoma. Chinatseguka. Panalibe munthu. Koma kapeti inayamba kunyowa, phazi, kenako phazi lina, kulowera pabalaza. Mpando woyang'anizana ndi mkuluyo unalira ngati wakhalidwa.

"Boniface," anatero mkuluyo chapansipansi.

Selina anathawa wopanda nsapato. A Medson, amene ankamudikira m'galimoto, akuti chitsekocho anachiona chikutseguka chokha, ndipo pa sinowo wa pamasitepe panalibe phazi lolowa. Atalimba mtima n'kulowa awiriwo, anapeza mkuluyo atauma pampando. Malaya anali onyowa pachifuwa ndi kumsana, ngati wakumbatiridwa ndi munthu wotuluka m'madzi. Madokotala anati ndi mtima.

Mwana wa mkuluyo, Juliet, amene ankabwera kudzaona bambo ake pa Khirisimasi pokha, anauza ejensi kuti Selina anasiya chitseko chotsegula, kuzizira n'kupha nkhalambayo. Ejensi sinamufunse Selina ngakhale funso limodzi. Inangomutumizira imelo. Lero kulikonse kumene wafunsira ntchito, akangoyimbira ejensiyo, basi zathera pomwepo. Munthu amene ankamusambitsa mzunguyo, kumupukuta, kumeza Chichewa chake tsiku lonse, ndiye wasanduka wakupha!

Sabata yatha Juliet anatulukira kwathu, nkhope itagwa, foni ya bambo ake ili m'manja. Selina anakana kutuluka kuchipinda. Zimene foniyo inajambula tsiku lija ndinamvetsera ndine.

Odi uja alimo. Kuyankha kwa Selina kulimo. Kenako mawu a bambo uja, pafupi kwambiri.

"Bwana, munandituma ndinu. Maina munapereka ndinu. Nenani."

Mawu aja anabwereza.

"Nenani, makinawa akumva."

"Boniface sanagulitse munthu," akutero mkuluyo, akulira. "Ndine."

Kenako madzi okhaokha, akuyenda.

"Akuti chiyani? Winayo ndani?" anandifunsa Juliet m'Chingerezi.

"Pitani kaye ku ejensi mukachotse bodza lanu, ndidzakumasulirani."

"Sindingathe. Maloya andiletsa."

"Ndiye musandivute. Kamufunseni mwini wake."

Anayang'ana foniyo.

"Iyeyo ndi amene akundifunsa ine," anatero. "Batire linatha tsiku la maliro. Sindinaitchajepo."

Ndinaiyang'ana. Sikirini inali bii, koma madzi aja ankamvekabe.

Anaiika m'chikwama n'kunyamuka nayo. Ku ejensi sanapitebe, ndipo Selina akadali pakhomo.