Mpando Wofiira wa a Duncan

Lole ya ku esiteti inawatsitsa m'mphepete mwa msewu waukulu, pafupi ndi depoti ya Kasungu, n'kuliyatsa liwiro popanda ndi kutsanzika komwe. Fumbi litatsika, Tithokoze anayang'ana katundu wawo ndipo anachita manyazi. Zaka zonse zija akulima fodya wa eni ake, chuma cha banja lonse chinangokwana m'matumba a feteleza, kuphatikizapo chidebe, makasu, nkhwangwa ndi mphasa yokulunga. Amayi ake, a Fainala, anakhala pathumba n'kuyamba kuyamwitsa khanda lawo, Sunganani. Abambo ake, a Duncan, ankangosisita thumba la malaya momwe munali malipiro a chaka chonse.

Mwini esiteti anali atasiya fodya n'kuyamba soya wolima ndi mathirakitala, choncho matenanti onse anauzidwa kuti aone msana wa njira. Kwawo ku Phalombe kunalibe chobwerera, popeza kamunda ka a Fainala abale anagawana kalekale. Koma chimene chinawabweretsa pa boma chinali Tithokoze. Mtsikanayu anasankhidwa kukayamba Fomu 1 pa sekondale yoyendera ya pomwepo, ndipo kumtundu kwawo kunalibe amene anafikapo pamenepo. Kuti aphunzire pankafunika chinthu chimodzi chokha: nyumba yoti azigonamo, sukulu isanatsegulidwe Lolemba lotsatira.

"Bambo a Titho, tiyeni tiyambe kufunsa nyumba dzuwa lisanakwere," anatero a Fainala.

"Nyumba siithawa," anayankha a Duncan maso ali tsidya la msewu. "Choyamba tione mipando."

Tsidyalo akalipentala anali atandandalika mabedi, matebulo ndi mipando padzuwa. Anthu amenewa tenanti wolandira kumene amamudziwa akadali patali, chifukwa amayenda dzanja lili pathumba. Kalipentala wina dzina lake Lucious anawathamangira, n'kuwatchula kuti "bwana" mokweza, dzina limene a Duncan chibadwire anali asanaitanidwepo. Anawakokera pampando wa sofa wansalu yofiira, wautali, wamikono yonenepa. A Duncan atakhalapo anamira, ndipo nkhope yawo inawala ngati ya mwana amene wapatsidwa chitumbuwa.

"Tiugoneka kuti umenewu?" anafunsa a Fainala. "Ife tomwe pogona tilibe."

"Mayi a Titho, ndalama ya fodya mukuidziwa. Tikaisunga ithera mchere ndi sopo, osaona chimene tagwira. Ine zaka zonsezi ndakhalira njerwa. Mlendo akabwera ndimamuvundikirira chidebe. Kodi ndidzafa osakhalapo ngati munthu?"

Tithokoze anawamvera chisoni abambo ake, chifukwa zimene ankanenazo zinali zoona. Komabe analoza katebulo ndi timipando tiwiri tamatabwa. "Ababa, bwanji titenge izi? Ndizilemberapo za kusukulu, komanso n'zosavuta kunyamula."

"Fomu 1 sunayambe n'komwe, wayamba kale kuphunzitsa abambo ako?" anatero a Duncan, ndipo Lucious anaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inkafunikira.

Mpando unagulidwa. Thumba la malaya linaphwa ndithu. Atapempha kuti ubakhala pomwepo mpaka apeze nyumba, ubwana uja unathera pompo. Lucious anati pashedi pake si posungira katundu wa anthu, ndipo ukabedwa iye sizimukhudza. A Duncan anachita kubwereka ngolo ya abulu yolipira patsiku, n'kukweza mpandowo pamodzi ndi matumba aja, ulendo wofuna nyumba n'kuyambika.

Anayenda, abale. Mphepo ya mwezi wa Seputembala inkawamwaza fumbi m'maso, ndipo nsalu yofiira ija inayamba kutuwa. Pakhomo loyamba mwini nyumba anangoyang'ana manja a a Duncan, akuda ndi ong'aluka chifukwa cha utomoni wa fodya, n'kupukusa mutu. "Matenanti ndinasiya. Mvula ikangogwa mumathawira ku esiteti osatsanzika." Pakhomo lina mayi wina anawerenga mitu, n'kunena kuti ana amadzaza chimbudzi msanga. Kwina anawalandira bwino, koma ataona sofa pangolo mtengo unakwera pomwepo. "Munthu wogula mpando wotere sangalire lendi," anatero mwini nyumbayo akuseka. A Fainala anawayang'anitsitsa amuna awo.

Masiku amenewo ankagona pakhonde la golosale ya munthu wina wachifundo. A Duncan sankagona pampando wawo, ankagona pansi pafupi nawo, atamangirira chingwe kumwendo wa mpandowo ndi kudzanja lawo kuopa akuba. Kukacha mwini ngolo ankabweranso, ndipo tsiku lililonse thumba lija linkapepukirapepukira. Tithokoze ankaona anzake akugula mayunifolomu ndi makope pamsika, mtima wake n'kumawawa. Anayamba kuopa kuti Lolemba liwapeza akadali pakhonde.

Lachinayi m'mawa anafika kuseri kwa chigayo china, kwa mayi wamasiye wotchedwa Nachisale. Mayiyu anali ndi kanyumba ka njerwa zootcha ka zipinda ziwiri, kofolera ndi malata akale. Anawafunsa kumene achokera, ndipo atamva kuti ndi matenanti nkhope inakwinyika. Kenaka anatembenukira kwa Tithokoze.

"Iwe uli kalasi yanji?"

"Ndasankhidwa Fomu 1, amayi. Tikuyamba Lolemba."

Nkhope ya a Nachisale inamasuka. "Ndakulolani chifukwa cha mwanayu. Ine sukulu ndinailephera chifukwa cha mtunda. Koma mumve bwino: kanyumba aka anandisiyira malemu amuna anga, ndipo ndimadyera momwemu. Ngakhale msomali musakhome osandiuza."

A Fainala anagwada n'kuomba m'manja, misozi ili mbwembwembwe. A Duncan anapereka lendi ya mwezi, ndipo a Nachisale, amene anali atavala kale bulauzi yoyera, ananyamuka kupita ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Tithokoze analowa m'nyumbamo n'kuima pawindo. Kuchokera pamenepo denga la sukulu yake linkaoneka kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Anasangalala mpaka anaiwala njala.

Matumba analowa, chidebe chinalowa, mphasa inalowa. Mpando unakana. Anauyesa chogona, mikono inagunda felemu. Anauyesa choimika, msana unagunda pamwamba. Anaupendeketsa uku ndi uku mpaka nsalu inang'ambika pakona. Mwini ngolo anati abulu ake ali ndi ludzu, n'kuwasiya mpando uli pakhomo, mutu mkati, thupi kunja.

"Ubakhala pakhonde," anatero a Fainala. "Kapena tikamupemphe kalipentala uja atisinthire ndi katebulo."

"Pakhonde? Kuti mbuzi zizigonapo?" A Duncan anapukuta thukuta n'kuyang'anitsitsa khomolo. Kenaka anamasula nkhwangwa pamtolo wa makasu.

Kunena zoona, a Duncan sanali munthu woipa kapena wowononga. Kungoti moyo wawo wonse anakhala m'nyumba za ku esiteti, zomwe tenanti amadzimangira yekha ndi mitengo, dothi ndi udzu. Kumeneko khomo likachepa umangodula mtengo umodzi, n'kulowetsa chimene ukufuna, madzulo n'kumata ndi dothi. Palibe amene amakufunsa. Iwo anali atachitapo zimenezi kangapo, ndipo kwa iwo khoma linali khoma basi.

"Ababa, chonde dikirani eni ake abwere," anatero Tithokoze atawagwira mkono. "Anena kuti ngakhale msomali."

"Ndikungosuntha felemu ndi njerwa zingapo. Akamabwera apeza ndamata kale, sazindikira n'komwe."

"Iyi si nyumba yathu, ababa."

"Choka apo! Nyumba ndayamba kumanga iwe usanabadwe."

Analowetsa nkhwangwa kuseri kwa felemu n'kukanula. Felemu inalira, n'kuzuka. Chimene a Duncan sankadziwa n'chakuti njerwa za pamwamba pa khomo zinamangidwa ndi dothi, ndipo chimene chinkazigwira chinali felemu yomweyo. Anangomva a Fainala akukuwa. Anadumphira kumbuyo, njerwa n'kukhuthukira pansi, fumbi kobo! Litachepa, panaoneka chibowo chachikulu, ndi mng'alu wokwera mpaka kumalata.

Anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba zawo. A Duncan, posowa chochita ndi manyazi, anakankha mpando uja, ndipo unalowa bwinobwino osagunda paliponse. Palibe amene anaseka.

A Nachisale anafika dzuwa litapendeka, buku la nyimbo lili m'manja. Anaima pabwalo n'kuyang'ana chibowo chija. Sanakalipe monga mmene anthu ankayembekezera, ndipo kwa Tithokoze zimenezo zinali zowawa kuposa kukalipa.

"Ndinakulakwirani chiyani, bambo?" anafunsa motsitsa mawu. "Anzanga onse anakukanani. Ine ndakulandirani m'mawa, madzulo mwandigwetsera nyumba. Nanga pakatha mwezi mudzandisiyira chiyani?"

"Mayi, ndikonza ndekha. Kwathu ku esiteti timangoti..."

"Kuno si ku esiteti. Mukonza, inde. Lendi mwapereka ija igula simenti ndi felemu yatsopano. Mukamaliza munyamuke. Sindingagone tulo muli m'nyumba mwanga."

A Fainala anapepesa mpaka mawu anasasa, koma sizinathandize. Nkhani inali itafalikira kale dera lonselo. Mawa lake atayesa makomo ena, ana ankawaloza kuti ndi aja ogumula nyumba, ndipo eni nyumba ankawabweza asanatsegule pakamwa. Lucious naye anakana kulandiranso mpando wong'ambika. M'thumba la malaya munalibenso chosisita.

Loweruka a Duncan anagwira ntchito yomanga khomo lija, Tithokoze akuwapatsira njerwa. Mpando unali mkati, chifukwa analibe kopita nawo. Mzere uliwonse wa njerwa umene ankaika unkautsekera momwemo. Atafika pakati anasiya, n'kusamba m'manja, n'kupita pomwe a Nachisale ankasankha nyemba. Anavula chipewa n'kugwada pafumbi, bambo wamkulu, pamaso pa mwana wake.

"Mayi, wolakwa ndine. Mwanayu anandiletsa, ine sindinamve. Mpandowo tengani, sindikuufunanso. Ife tipita kukafuna utenanti kwina. Koma mwanayu yekha atsale. Azigona ngakhale kukhitchini, azikutungirani madzi. Asalipire mlandu wanga."

Tithokoze anali asanawaonepo abambo ake akulira. Anayang'ana kumbali.

A Nachisale anaika lichero pansi. Maso awo nawonso anali atafiira. "Bambo, mwanayu ndamukonda. Koma ine ndine wamasiye, chakudya changa n'chopempha kwa Mulungu tsiku ndi tsiku. Mwana wamkazi wa eni, akadwala ndidzatani? Fizi adzalipira ndani, inu muli kumunda mpaka chaka chamawa? Sindingakulonjezeni chimene sindingathe. Pepani."

A Duncan anagwadabe kanthawi, kenaka anadzuka n'kukamaliza khomo lija. Analimanga bwino kwambiri, mowongoka, kuposa mmene linalili kale.

Lamulungu masana, lole ina inaima pa depoti, kapitawo wake akuitana mabanja ofuna utenanti ku esiteti ya kupitirira Kapelula. A Duncan anafunsa ngati kumeneko kuli sekondale pafupi. Kapitawoyo anaseka. "Sekondale? Akulu, ife tikufuna manja. Ana anu ndi angati oti n'kugwira ntchito?" Anayang'ana Tithokoze kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kugwedeza mutu mokhutira. A Duncan ndi banja lawo anakweza palolepo matumba awo a feteleza, chidebe, makasu ndi mphasa.

Lolemba m'mawa, nthawi imene anzake ankafola pabwalo la sukulu, Tithokoze anali kudambo akuthirira nazale ya fodya. Makeni anali olemera, ndipo madzi ankamutayikira m'miyendo. Abambo ake anabwera kumbuyo kwake n'kumulanda makeniwo mofatsa.

"Pumula, mwana wanga. Ndithirira ndine." Anaima pomwepo makeni ali m'manja, osayamba kuthirira. "Chaka chamawa tikalandira, uzidzanena ndiwe choyamba kugula. Ndidzamvera."

Tithokoze ankadziwa kuti malo a Fomu 1 sadikira munthu chaka chathunthu. Abambo akenso ankadziwa. Anawayang'ana, n'kuona mmene anakalambira m'sabata imodzi yokha, ndipo analephera kuwauza zimenezo.

"Chabwino, ababa," anatero. Kenaka anawerama n'kuyamba kuzula udzu pabedi la fodya.