Thokozile Aphunzira Kuliza Lipenga

Thokozile ankakhala ku Lizulu. Achemwali ake, a Zione, anali pafupi kukwatiwa. Thokozile ankafuna kuwalizira lipenga pa ukwati wawo. Koma kuliza lipenga sankadziwa.

Amalume ake, a Bizwell, ankaliza lipenga m'bandi ya kutchalitchi. Iwo anamubwereka lipenga laling'ono.

Thokozile anakoka mpweya. Anatupitsa masaya. Anauzira mwamphamvu. Lipenga linangoti fuu. Anauziranso. Linangoti fuu.

"Amalume, lipengali ndi lakufa," anatero Thokozile.

"Si lakufa, mwanawe," anayankha amalume. "Usatupitse masaya. Tseka milomo. Uziuzira kuti milomo izinjenjemera."

Thokozile anatseka milomo. Anauzira. Lipenga linati paa. Thokozile anamwetulira.

Loweruka analiza m'mawa. Analiza masana. Analizanso madzulo. Milomo inatupa. Mawu anasiya kutuluka.

"Pang'ono pokha, koma tsiku lililonse," anatero amalume. "Milomo ikatopa, uzipuma."

Thokozile anamva. Akaweruka kusukulu, ankakhala m'mphepete mwa munda wa mbatatesi. Ankaliza pang'ono. Ankapuma. Ankalizanso pang'ono. Akalakwitsa, ankabwereza pomwe walakwitsapo. Ankabwereza mosafulumira. Nyimbo inayamba kumveka.

Tsiku la ukwati linafika. Kunacha kukuzizira kwambiri. Thokozile anayesa lipenga lake. Linkangoti gudu gudu gudu.

Amalume anali atapita kale kutchalitchi. Misozi inalengeza m'maso mwa Thokozile.

Anakhala pansi. Anagwedeza lipenga pafupi ndi khutu. Anamva timadzi tikulira m'kati.

"Kodi timadziti tituluka pati?" anadzifunsa.

Anatembenuza lipenga. Analiyang'ana bwinobwino. Pansi pake anaona kachitseko kakang'ono. Anakatsegula ndi chala. Anauzira pang'ono. Timadzi tinadontha pansi, tho, tho, tho.

Anatseka kachitseko. Anafunditsa lipenga m'juzi mwake. Kenako anauzira. Mawu anatuluka oyera.

Kutchalitchi kunadzaza anthu. Pemphero litatha, a Zione ndi amuna awo anatuluka panja. Amalume anamukodola Thokozile.

Thokozile anaima kutsogolo. Anakoka mpweya. Anayamba kuliza.

Pakati pa nyimbo analakwitsa pang'ono. Koma sanasiye. Analiza mpaka kumapeto.

Amayi ake a Thokozile anaimba nthungululu. Anthu anaomba m'manja. A Zione anabwera pafupi. Anawerama ndi kumukumbatira.

"Munamva pomwe ndinalakwitsa paja?" anafunsa Thokozile monong'ona.

"Ndinamva mng'ono wanga akundilizira nyimbo," anayankha a Zione. "Iyambenso. Ulendo uno ndikufuna ndivine."

Thokozile anakweza lipenga. A Zione anagwira dzanja la amayi, ndipo onse anayamba kuvina.