Kampopi ka Pansi pa Thanki

Madzulo aliwonse dzuwa likapendeka, Emelia ankapukuta thirakitala yake ndi kasanza asanaifunditse lona pansi pa mtengo wa mango. Inali thirakitala yaing'ono ya dizilo, yofiira koma yosuluka, imene mwamuna wake Alick Mbewe anagula ku Katete atagulitsa thonje ndi ng'ombe zake zonse zinayi. Alick anamwalira mu Ogasiti. Anangotsika pampando madzulo ena, n'kugwira pachifuwa, n'kugwa pafupi ndi tayala lalikulu kiyi ali m'manja. Munthu sanadwale ndi chimfine chomwe. Kuyambira pamenepo Emelia ndiye ankayendetsa, poti malemuyo anali atamuphunzitsa, ndipo mwezi wonse wa Okutobala anatuta nayo manyowa popanda vuto.

Vuto linabwera ndi mvula yoyamba. M'mawa mwake Emelia anapotoza kiyi, injini inalira bwinobwino, koma asanatuluke n'komwe pabwalo inatsokomola kawiri n'kuzima. Anayesanso, sitata inangokukuta, injini osagwira. Tsiku lonse zinali zomwezo. Kutacha inaliranso pang'ono n'kuzima ngati dzulo lake. Anzake a ng'ombe anali atayamba kale kugaula, iye mbewu zili m'nyumba, munda wa maekala asanu uli gwaa, ana atatu akumuyang'ana. Aliyense wa kuno kumbali ya Sinda amadziwa kuti wophonya mvula yobzalira amakolola manyazi.

Wothandiza analipo, ndipo anali Simoni. Simoni ndi Alick anakulira limodzi kubusa, ndipo pamaliro a Alick iyeyu ndiye anatsogolera adzukulu: anasambitsa thupi, analowanso m'dzenje kulandira bokosi. Ndiye anali wokonzakonza wa m'mudzimo, ndipo chida chake chilichonse, sipanala kaya nyundo, ankachipaka penti wa buluu kuti obwereka asamaiwale mwini wake. Tsiku loyamba anati ndi batire, n'kulitengera ku Sinda kukatchajitsa. Lachiwiri anati ndi sefa ya dizilo. Lachitatu ananunkhiza m'thanki n'kunena kuti mwalowa madzi. Emelia ankamuphikira tiyi, nthawi zina ndi mazira omwe.

"Pakanapanda inu, alamu, ndikanatani ine?"

"Musadandaule, alamu. Alick anali m'bale wanga."

Mawu amenewo ine wofotokoza nkhaniyi amandinyansa mpaka lero.

Pamjigo amayi anayamba kunong'onezana. Ena ankati akumva thirakitala ikulira kudambo tambala asanalire, koma nyali osaziona. Ena ankati agalu awo asiya kuuwa, akungolira pansipansi atapinda michira. M'mudzimo thirakitala inali imodzi yokha.

"Yanga ndi yakufa, nonse mukuiona," anatero Emelia.

Koma mumtima sanali pamtendere. Chiyambireni mvula ankagona tulo tolemera ngati wamwa mankhwala, n'kudzuka mutu ukuwawa. Akatuluka panja ankamva fungo la utsi wa dizilo pansi pa mango paja, fungo la injini yomwe yangozima kumene. Ankadziuza kuti ndi maganizo a umasiye.

Kenako zinagwera Timothy, mlimi wa tomato amene ankalawirira kudimba kwake. Anafika pagolosale milomo ili gwa.

"Ndakumana nayo thirakitala ija. Yandidutsa chonchi."

"Amayendetsa ndani?"

"Ndamudziwa, koma musandifunse."

Pofika madzulo lilime la Timothy linali litauma, malovu akungotuluka. Tsiku lachitatu anamwalira asanatchule dzina. Pamaliro ake Simoni analinso patsogolo pa adzukulu, khasu lake la buluu paphewa. Pochokera kumanda anamutengera Emelia pambali n'kumuuza kuti ndi bwino thirakitala ija aikokere kwawo, akaimasule yonse modekha. Emelia anavomera kuti aitenge Loweruka.

Lachinayi kunabwera makanika wa ku Katete dzina lake Ramadhani, kudzakonza chigayo cha m'mudzimo. Emelia anachita manyazi, poti kufunsa mlendo kunali ngati kunyoza Simoni, koma njala ilibe ulemu. Anamufotokozera zonse. Ramadhani anamvetsera mutu uli pansi.

"Mwati imalira m'mawa uliwonse, kenako n'kuzima?"

"Eya, m'mawa uliwonse."

"Mailo ndibwera m'mamawa. Kiyi musakhudze, amayi."

Tsiku lotsatira anafikadi dzuwa likungotuluka, pa njinga yamoto. Anavundukula lona, n'kuika dzanja pa injini, n'kulichotsa msanga.

"Mwailiza kale?"

"Ayi, mwandiletsa ndinu."

"Manje ifunda bwanji?"

Emelia anagwira nayenso. Chitsulo chinali chofunda ngati msana wa ng'ombe. Ramadhani anayamba kufufuza. Anayang'ana mawaya a batire, anali olimba. Anatsegula sefa ya mpweya, inali yoyera. Anaviika kamtengo m'thanki, dizilo analimo ndipo madzi munalibe. Pakhasu la thirakitala anapalapo dothi ndi chala n'kuliyang'anitsitsa: linali lakuda, lonyowa, lakudambo, pomwe pabwalo la Emelia dothi ndi lofiira. Kenako analoza kabawuti kakang'ono pamwamba pa sefa ya dizilo, pamene panali ponyowa.

"Mverani, amayi. Injini iyi ikazima chifukwa dizilo wasiya kufika, imayamwa mpweya m'mapaipi. Ikatero siingalirenso mpaka munthu amasule kabawuti aka, apope, mpweya utuluke. Dzulo inazima ndi mpweya. Lero mapaipi ndi odzaza. Wapopa ndani?"

Ramadhani anagona chagada pansi pa thirakitala n'kuyamba kulondola paipi ndi zala, kuchokera kusefa kulowera kuthanki. Dzanja linalowa kuseri kwa kachitsulo kena, n'kuima.

"Pali kampopi apa. Si ka kufakitale, anachita kuikapo munthu. Ndipo ndi kotseka."

Anakatsegula, n'kudzuka, n'kupotoza kiyi. Injini inalira, n'kulirabe, utsi uli tolotolo, osatsokomola ngakhale kamodzi. Vuto la masabata awiri linali lomwelo.

Koma Emelia sanasangalale. Anakhala pansi. Anakumbukira kuti Alick akaweruka madzulo aliwonse ankawerama n'kulowetsa dzanja pansi pa thanki, n'kunena kuti, "Gona, Nachisale," poti ndilo dzina anaipatsa thirakitalayo. Emelia ankamuseka kuti akusisita mkazi wachiwiri. Sankadziwa kuti mwamunayo ankatseka dizilo kuopa akuba. Madzulo amene anagwa aja sanafike potseka, n'chifukwa chake inayenda bwino mpaka mvula. Nanga tsopano ankatseka ndani? Wakuba saba chinthu n'kuchibweza, n'kuchitsekera dizilo, n'kuchifunditsa lona. Munthu amene sankatha kuchoka pa thirakitala asanatseke kampopi kameneko anali mmodzi yekha, ndipo anali kumanda.

Anakwawira pansi paja kuti adzionere yekha. Kampopiko kanali kamkuwa, ndipo pachogwirira pake panali penti wa buluu.

Ramadhani ananong'ona pemphero, n'kulongedza zida zake. Tiyi anakana.

"Za chitsulo ndakonza, amayi. Zinazo si za sipanala."

Emelia anazimitsa injini n'kuuyamba wa kudambo, kumunda kwa Simoni. Munthu wopanda ng'ombe, wopanda thirakitala, munda wake wonse unali wogaula kuchokera kumtunda mpaka kumtsinje. Anthu ankati anachita kubwereka thirakitala ya ku Sinda, ngakhale panalibe amene anaiona. Emelia anaima m'malire n'kuyang'ana mizere. Alick anathyokapo phewa lakumanja ali mnyamata, choncho pothera mzere ankakhotera kumanzere nthawi zonse. Mizere yonse ya m'mundamo inakhotera kumanzere. Anaizindikira ngati mmene munthu amazindikirira malemba a mwamuna wake pakalata.

Simoni anali pakati pa munda, kachitini ka mbewu m'manja. Atamuona anamwetulira.

"Alamu, mwalawira. Kwagwanji?"

"Kampopi kaja ndi kanu?"

Kumwetulira kunatha. Simoni anaika kachitini pansi.

"Munakaika ndinu ndi malemu mnzanu uja. Masiku onsewa mwakhala mukundiuza za batire, za madzi, mukumwa tiyi wanga, mukudziwa pamene pali vuto."

Emelia anamuyandikira.

"Munamusambitsa ndinu. Munalandira bokosi ndinu. Ndiuzeni, alamu, munamuikadi?"

Simoni anayang'ana kumtsinje, ndipo polankhula mawu ake anali a munthu wodandaula za wantchito waulesi.

"Ndinamuuza kuti asiye zotsekatseka. Chilichonse amandimvera, koma icho chokha samva."

Emelia anabwerera m'mbuyo. Mtima unamuwawa kuposa tsiku la maliro, chifukwa tsiku lija ankalira munthu amene wapita kukapuma.

"Amatopa?" anafunsa.

"Wakufa satopa, alamu."

"Mubwezeni kumanda. Munda wanu walimidwa kale. Mubwezeni!"

"Amene anandiphunzitsa kudzutsa sanandiphunzitse kugoneka."

Emelia anakuwa mpaka mbalame zinauluka m'bango. Anathamangira kumudzi akuitana anthu, koma pamene amuna ankafika kudambo ndi zibonga anangopeza kachitini ka mbewu. Ena anati amuona Simoni akupalasa njinga kulowera kumalire a Mozambique, wopanda ndi chikwama chomwe. Mkazi wake anati sakudziwa kanthu, mwina ankanena zoona. Choipa chinali chakuti mawu a Simoni anawamva Emelia yekha. Anthu anamva za pakamwa pa Emelia basi, ndipo ena anayamba kale kuyang'anizana.

Tsikulo sanalime. Madzulo anapukuta thirakitala monga mwa masiku onse, kenako anagwada n'kulowetsa dzanja pansi pa thanki. Anatseka kampopi kaja yekha, misozi ikugwera pa tayala.

"A Mbewe, ndatseka kale. Wokutumani uja wathawa. Musabwerenso, kapumeni."

Anachotsa batire n'kulilowetsa m'nyumba, kiyi n'kumumangirira pa chitenje. Anatsimikiza kuti sagona, koma tulo tija tinamugwira ali chikhalire pampando.

Anadzutsidwa ndi phokoso la anthu dzuwa litakwera. Batire linali pomwe analisiya, kiyi ali pachitenje. Anatuluka n'kutsatira anthuwo mpaka kumunda kwake, kumene anapeza theka la mudzi litaima m'malire. Palibe anamupatsa moni. Maekala asanu onse anali ogaula, dothi lofiira likufuka nthunzi, mizere yowongoka, yonse yokhotera kumanzere kothera kwake. Wantchito amene mbuye wake wamuthawa anabwerera kumunda umene ankaudziwa.

Mkazi wa malemu Timothy anatuluka m'gulumo, mpango wa maliro ukadali kumutu.

"Dzulo mumati ndi a Simoni. A Simoni kulibe. Nanga uwu walima ndani, ndipo walimira yani?"

Emelia anayang'ana anthuwo mmodzimmodzi. Anthu anayamba kusuntha pang'onopang'ono kumutalikira, amayi akukoka ana awo. Anabwerera yekha pansi pa mango paja. Lona linali lofunditsidwa bwino, ngodya zake atazipanikiza ndi miyala monga ankachitira Alick. Injini inali yofunda. Analowetsa dzanja pansi pa thanki ngakhale ankadziwa kale chimene akapeze: kampopi kanali kotseka, kolimba kuposa mmene iye anakatsekera.

Kum'mawa mitambo inali ikusonkhana, mvula yabwino yobzalira. Emelia anayang'ana munda umene anaulilira masabata awiri, ndipo analakalaka ukanakhala thengo.