Munthu Amene Sanadzutse Mbalame

Nkhaniyi ndinaimva kwa dalaivala wina wa malole, anzake ankamutcha Chiwongolero, tsiku lina basi yathu itaphulika tayala pakati pa njira. Akuti zinawachitikira alamu ake, mphunzitsi wopuma pantchito. Ndikuuzani monga anandiuzira.

Aphunzitsiwo anali ndi nthenda imodzi: mbalame. Osati kudya ayi, kungoziyang'ana pa magalasi oonera patali ndi kuzilemba m'kabuku. Atapuma ntchito ananyengerera Chiwongolero kuti awayendetse masabata awiri m'mphepete mwa nyanja yamchere, kuyima pa malo alionse osungira zachilengedwe. Anaona mavuwo, akakowa, atsekwe, ndi tina tamiyendo yangati mitengo ya machesi. Inatsala imodzi yokha, kambalame kofiirira kobisala m'bango, kamene kamalira dzuwa likalowa basi.

"Alamu, mbalame yosadyedwa mukuivutikiranji?" ankatero Chiwongolero. "Mlongo wanga ndimayesa anakwatiwa ndi munthu, osadziwa ndi kadzidzi."

Pamalo omaliza galimoto imatsala pageti. Kuchoka pamenepo ndi ulendo wapansi wa ola lathunthu, kanjira kodutsa m'dambo lamchere mpaka pa kanyumba kamatabwa kobisalamo oonera mbalame. Mlonda wa pageti, mayi wamtali wosaseka, anawachenjeza: "Bambo, ikamakwana sikisi mukhale mutatuluka. Madzi a m'nyanja akayamba kubwera, njira yonseyi imamira."

Chiwongolero anatsala m'galimoto, nati agone. Aphunzitsi atafika m'kanyumba kaja anazimitsa foni kuti isaopseze mbalame, nakhala phee. Anadikira. Dzuwa linalowa, iwo akuti pang'ono pokha. Pomwe ankayang'ana wotchi, seveni inali itadutsa.

Ananyamuka mwaliwiro, mwezi wokha ukuwaunikira. M'mbali mwa njira matope anali atayamba kunyezimira ndi madzi. Pakatikati pa ulendowo panali nyumba yakale yopanda denga, imene masana anaidutsa osailabadira. Tsopano pakhomo pake panaima munthu.

Chinthu choyamba chimene Aphunzitsi anaganiza ndi magalasi awo, amene anagula atasunga zaka zambiri. Anawalowetsa msanga m'jekete.

"Zikomo, achimwene," anatero, mawu akuwakhwimitsa dala.

Munthuyo anaika chala pamlomo, nanong'ona: "Mwaimva?"

"Chiyani?"

"Yofiirira ija. Ili kuseri kwa bango. Pachisa."

Wadziwa bwanji? Aphunzitsi anayamba kusanthula m'mutu. Kapena mayi wa pageti uja ndi mnzake, amamuuza za alendo oyenda okha. Kapena ndi pakamwa pa Chiwongolero, munthu wosasunga nkhani. Anayang'ana kumbuyo kwa nyumbayo ngati kuli ena obisala. Anayang'ana manja a munthuyo. Munalibe mpeni. M'khosi mwake munalendewera magalasi akale, omangidwa ndi chingwe wamba, ndipo m'dzanja anagwira pensulo. Koma ndani ananena kuti wakuba sanyamula pensulo?

"Ndachedwa, madzi akubwera," anatero Aphunzitsi, nayamba kudutsa.

Pomwepo kuseri kwa bango kunamveka kulira. Katatu, kotsika pansi, ndendende monga amanenera m'mabuku. Iyo!

Miyendo inaima yokha.

"Mapazi makumi asanu basi," munthu uja ananong'ona. Anasiya njira, natsikira kubangoko, osacheuka.

Munthu wanzeru zake akanapitirira. Aphunzitsi anatsika naye. Anasiya mpata pakati pawo, dzanja lili pa jekete, akudziuza kuti akangoona chachilendo athawa. Madzi ozizira analowa m'nsapato.

Patsogolo panali mchenga wotumphuka, ndipo pamenepo panagona mbalame mazanamazana, iliyonse mwendo umodzi, mutu m'phiko. Aphunzitsi ankazidziwa bwino mbalame zimenezi. Zaka makumi atatu akuzizembera, sanaziyandikirepo. Munthu akangoonekera patali, gulu lonse limanyamuka.

Munthu uja analowa pakati pake.

Anayenda. Pensulo ikuloza uku ndi uku. Milomo ikugwedera.

Palibe inatukula mutu. Ngakhale imodzi...

Aphunzitsi anatchera khutu. Mapazi awo okha ndiwo ankati tswaa, tswaa m'madzi. A mnzawoyo, zii.

Anabwerera phazi limodzi m'mbuyo. Chigoba cha nkhono chinasweka pansi pa nsapato.

Phuu! Thambo lonse linada ndi mapiko! Kulira, kukuwa, mphepo kumaso!

Zitatha, pamchenga panatsala munthu yekhayo. Anatembenuka pang'onopang'ono. Zovala zake zinkadontha madzi, kuyambira pakolala.

"Mwaziulutsa," anatero, osakwiya. "Ndinafika pa mazana anayi. Ndiyambirenso... Mukhale, mundithandize kuwerenga."

Aphunzitsi anathawa.

Njira sinkaonekanso. Madzi m'mawondo. Anagwa, nadzuka. Anagwira mtengo wa chizindikiro cha njira, nasaka wina. Wina. Winanso. Kumbuyo, chapafupi, mawu onong'ona: "Imodzi... ziwiri... zitatu..." Sanacheuke. Madzi anafika m'chiuno, akuwakokera chammbali. Kenako patali, tochi!

"Alamu! Alamu inu!"

Chiwongolero ndi mlonda uja anawakoka ngati thumba lonyowa, nawakhazika m'kachipinda ka pageti. Mano akugundana, Aphunzitsi analoza mayiyo chala.

"Mnzanu uja... mumagwirizana, eti? Mumamutumizira anthu?"

"Mnzanga uti, bambo?"

Aphunzitsi anafotokoza zonse, chingwe cha magalasi, pensulo, kuwerenga. Mayiyo anakhala pansi, natseka chitseko ndi phazi.

"Ameneyo anali wowerenga mbalame wa pamalo pano. Ankakhala m'nyumba yopanda denga ija. Usiku wina madzi anamupeza pamchengapo asanamalize ntchito yake. Tinamuvuula patapita masiku atatu, ndipo malemu amuna anga ndi amene anamunyamula. Chaka chino ndi cha khumi ndi chimodzi chichitikireni zimenezo."



Ine ndayenda malo ambiri, ndipo ndamva zambiri kwa anthu a panjira. Nditafika kudambo lina lamchere chaka chatha, ndinavula nsapato usiku, nkuyesa kudutsa pakati pa mbalame zogona. Zinauluka ndisanayandikire n'komwe. Koma zimenezo zikungosonyeza kuti ndine nkhalamba yolemera mapazi. Alonda a pageti ndikuwadziwa: mlendo amene wawachedwetsa kuweruka amamupatsa nkhani yoti asadzachedwenso. Ndipo dalaivala wodikira tayala amakhala ndi nthawi yambiri yokometsera nkhani. Kuti Aphunzitsi anatsala pang'ono kumira, ndikuvomera. Kuti amene anawaitana anali wakufa, ine ndikukayika.