Mfuti M'jekete la Tumbikani

Kunyumba kwa a Masauko ku Syokimau, pafupi ndi bwalo la ndege la Nairobi, Loweruka lililonse kunkakhala ngati kuli ukwati. Ndege zinkadutsa pamwamba pa denga popita kukatera, koma mkokomo wake sunkaposa phwete la m'nyumbamo. A Masauko ankayang'anira zachitetezo ku bungwe lina la mayiko ambiri, ndipo analinso mkulu wa mpingo pakati pa Amalawi okhala mu Nairobi. Akazi awo, mayi Rosina, anali ndi maso osaphonya kanthu. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Tumbikani, wa zaka makumi awiri, wophunzira pa koleji ina m'tauni. Anali mnyamata wanzeru, wakuthwa pakamwa, woti mukatsutsana naye mumatsala mukukanda m'mutu.

Phwete la Lowerukalo linkabwera ndi Watipa, mwana wa mlongo wawo wa a Masauko, amene ankaphunzira unamwino ku Parklands. Pokhala asuweni, iye ndi Tumbikani ankaseleulana mopanda malire monga mwambo umalolera. Watipa akangofika pageti ankakuwa kuti, "Amuna anga ali kuti? Atuluke adzanyamule chikwama!" Ankamubisira nsapato, ankamuthirira mchere mu tiyi, ankamudzidzimutsa kuseri kwa chitseko. Tumbikani akadandaula, mayi Rosina ankangoti, "Za pachisuweni sindilowererapo ine."

Tsiku lina masana, Tumbikani ali pa siteji ya maminibasi otchedwa matatu ku Pangani, anyamata awiri anamupanikiza kukhoma. Mmodzi anamuonetsa mpeni n'kunena kuti, "Leta simu!" kutanthauza kuti apereke foni. Foni inapita. Anthu anangoyang'ana kumbali ngati sanaone kanthu.

Loweruka lotsatira Watipa anaimva nkhaniyo, ndipo ataona kuti msuweni wake sanavulale, anagwa nako kuseka.

"Amuna anga! Thupi lonseli, n'kupereka foni ndi manja awiri ngati mukupereka chopereka kutchalitchi? Nanga ine akadzandifuna, mudzandiperekanso?"

Onse anaseka. Tumbikani anasekanso, koma kuseka kwake kunathera m'mano. M'mtima munali mutayaka moto.

Sabata yomweyo kukoleji kunakonzedwa mtsutso. Mutu wake unali wakuti, kodi munthu wamba aziloledwa kuyenda ndi mfuti yobisa m'zovala kuti adziteteze? Tumbikani anamuika mbali yovomereza pamodzi ndi Vitus, Mmalawi mnzake wa m'kalasi yapatsogolo, amene foni yake inali yodzaza ndi mavidiyo a anthu akuomberana m'masitolo a kunja.

"Aise, taona uyu," Vitus ankatero akumuonetsa vidiyo. "Wakuba walowa, bambo uyu wasolola, phaa! Nkhani yatha. Ukanakhala ndi mfuti ku Pangani kuja, bwenzi foni uli nayo. Mwamuna salira, mwamuna amabweza."

Tsiku la mtsutso holo inadzaza mpaka ena kukhala m'mawindo. Mtsikana wa mbali yotsutsa anati mfuti ikachuluka m'misewu maliro amachulukanso, ndipo munthu wamantha akagwira mfuti saona bwino. Tumbikani anaimirira, n'kufotokoza za mpeni wa ku Pangani, mmene unanyezimira, mmene anthu anayang'anira kumbali.

"Apolisi anali kuti?" anafunsa mokweza. "Inu amene mukutsutsa munali kuti? Wakuba ali ndi chida, ine ndili ndi buku. Mukufuna ndimumenye ndi buku?"

Holo inaphulika. Anyamata anamenya madesiki, ena anaimba malikhweru, ndipo pomaliza anamunyamula m'mwamba. Mbali yake inapambana. Tumbikani anabwerera kunyumba akuyenda ngati sakuponda pansi.

Pa chakudya chamadzulo anabwereza mfundo zake zonse, akugwedeza supuni ngati akadali mu holo. A Masauko anamvetsera mpaka anamaliza.

"Walankhula bwino, mwana wanga. Koma ndikufunse. Ine mfuti ndili nayo, ya chiphaso, ndipo ndinaphunzitsidwa miyezi yambiri kagwiritsidwe kake. Unandionapo nditaisolola?"

"Ayi, adadi. Koma tsiku loti mwakumana nazo..."

"Ndinakumana nazo kawiri. Ndinapereka wotchi, ndinapereka chikwama, ndipo ndili pano ndikudya nawe. Kudziteteza sikutanthauza kubwezera manyazi. Lamulo limafunsa ngati moyo wako unalidi pangozi, ngati unaona bwino, ngati panalibe njira ina. Mu holo muja munthu amakhala ndi mphindi zisanu zoganiza. Pamsewu chala chimathamanga kuposa mutu, ndipo chipolopolo chikatuluka sungachiitane kuti chibwerere."

"Ndiye tizingobetsa?"

"Foni tagula ina," anatero mayi Rosina. "Iwe tikakugula kuti?"

Koma m'makutu mwa Tumbikani munkamvekabe madesiki aja.

Patapita masiku ochepa a Masauko anakwera ndege kupita ku msonkhano wa masabata awiri. Mfuti anaisiya m'bokosi lachitsulo kuchipinda kwawo. Tumbikani ankadziwa kumene kiyi amakhala, m'thumba lam'kati la suti imene bambo ake ankavala popereka mgonero. Anamuuza Vitus mongocheza.

"Ndiye ukudikira chiyani?" anatero Vitus, maso ali gwa. "Si kuba kumeneko, ndi ya m'nyumba mwanu. Ungoinyamula masiku awiri umve mmene mwamuna weniweni amamvera. Mdala akamabwera uibweze. Kapena ndiwe wa pakamwa pokha, wa mu holo?"

Lachiwiri m'mawa, mayi Rosina atapita kumapemphero a amayi, Tumbikani anapisa dzanja m'suti ya mgonero. Bokosi litatseguka, kamfuti kakuda kanali pomwepo, kozizira, kolemera kuposa mmene ankaganizira. Anakaloweka m'lamba, n'kuvala jekete lalikulu pamwamba, n'kuima pagalasi. Anasolola, anabweza. Anasololanso. Anaseka yekha.

Ha, tsiku limenelo Nairobi inaoneka yaing'ono! Anadutsa dala pa Pangani pomwe paja, akuyang'ana anyamata a pa siteji m'maso mmodzimmodzi. Kondakitala atamukankha pokwera matatu, iye anangomwetulira, n'kunena chamumtima kuti, ukanadziwa. Kuseri kwa laibulale anatsegula jekete pang'ono, Vitus n'kudumpha ngati wagoletsa chigoli.

"Eee! Bwana mkubwa! Bwana wamkulu! Tsopano ndiwe munthu!"

Masiku awiri aja anasanduka anayi. Koma chinthu china chinayamba kusintha. Aliyense woyenda kumbuyo kwake ankaoneka wakuba. Munthu akapisa dzanja m'thumba kuti atenge foni, Tumbikani ankatuluka thukuta. Njinga yamoto ikaima pafupi, dzanja linkathamangira lokha m'chiuno. Poyamba ankaopa mbava zokha, koma tsopano ankaopa aliyense.

Mayi Rosina anaona. Lachisanu anamuimitsa pakhomo.

"Tumbikani, dzuwa lonseli jekete n'lachiyani?"

"Ndi fasho, amami."

"Nanga sitima unaisiyiranji? Unkati matatu amachedwetsa. Kapena n'chifukwa choti pasiteshoni amasecha?"

"Aaa, amami, mwayamba upolisi?"

"Ukukhala pampando ngati uli ndi chithupsa. Sukundilola kukukumbatira. Ndinakubereka ndine, iwe. Ngati watenga chinthu cha bambo ako, kachibweze pompano, ndipo pakamwa panga sipadzatuluka mawu. Vula jeketelo ndione."

"Ndachedwa kukalasi," anatero Tumbikani, n'kutuluka chothamanga.

Mayi Rosina analowa kuchipinda n'kupisa m'suti ija. Kiyi anali momwemo, pakuti mnyamatayo anali atamubwezera. Iwo bokosi lija ankaliopa, sanalitsegulepo chikhalire. Anaima nalo pafupi kwa kanthawi, kenaka anadziuza kuti mwina akuganiza mopitirira, adikire bambo ake abwere. Mpaka lero amalira akakumbukira kuti kiyi anali m'manja mwawo.

Loweruka linafika. Cha m'ma 3 koloko masana Tumbikani anatsika matatu n'kuyamba kuyenda kamsewu kafumbi kopita kwawo, foni yatsopano ili m'manja. Sanadziwe kuti Watipa watsika matatu ya pambuyo pake ndipo wamuona. Mtsikanayo anavula nsapato kuti asamveke, n'kumunyang'amira akudziletsa kuseka. Mayi wogulitsa chimanga chootcha pambali pa msewu anamuona, Watipa n'kuika chala pamlomo kuti asaulule.

Atafika kumbuyo kwake anamugwira kolala ya jekete, n'kukulitsa mawu ngati mwamuna.

"Leta simu!"

Tumbikani sanaganize. Pangani yense anabwerera m'mutu mwake nthawi imodzi. Dzanja linachita zimene linaphunzira pagalasi. Anatembenuka mfuti ili kale m'manja.

Phaa!

Mbalame zinabalalika pa mawaya. Mayi wa chimanga anakuwa, mbaula n'kugubuduzika. Pansi pa fumbi panali Watipa, nsapato zake zili m'dzanja lamanzere, mkono wamanja uli magazi okhaokha. Kumwetulira kunali kusanachoke bwinobwino pankhope pake.

"Amuna anga," anatero motsitsa, modabwa, "ndine."

Tumbikani anataya mfuti n'kugwada. Anavula jekete lija n'kukulunga nalo mkonowo akukuwa ngati wamisala. Anthu anathamangira pomwepo, ena atatola kale miyala. Mayi Rosina, amene anamva kulira kwa mfuti ali kukhitchini, anatulukira pageti opanda nsapato. Sanafunse kuti yalira ndi mfuti ya yani. Anali akudziwa.

Galimoto ya mnansi inathamangira ndi Watipa kuchipatala. Ya apolisi inatenga Tumbikani.

Vitus anabwera kupolisi kamodzi kokha. Anayandikira pa zitsulo n'kunong'ona.

"Usatekeseke, aise. Unene kuti unkadziteteza. Anakugwira kumbuyo, analankhula ngati mbava, iwe ukanadziwa bwanji? Iwe ndi katswiri wa mtsutso, uwapinda onsewo. Koma dzina langa lisamveke, wamva?"

Kuchokera tsiku limenelo foni ya Vitus sinapezekenso.

A Masauko anabwerera msonkhano usanathe. Chiphaso cha mfuti anawalanda, ntchito inatha, ndipo iwonso anayankha mlandu wosasunga bwino chida. Pa ukulu wa mpingo anatula pansi okha. Chimene chinawapweteka koposa chinali kuimbira foni mlongo wawo ku Malawi, kumuuza zimene zachitikira mwana amene anawasungitsa.

Watipa sanamwalire. Madokotala anapulumutsa moyo wake, koma chipolopolo chinali chitaphwanya fupa ndi kudula mitsempha. Zala za dzanja lamanja zinauma, zosatha kugwira jakisoni, zosatha kugwira ngakhale cholembera. Unamwino unathera pomwepo, kutatsala chaka chimodzi.

Kukhoti loya wa Tumbikani anayesa ndithu kunena za kudziteteza. Kenaka woimira boma anaimirira n'kufunsa mafunso ake modekha.

"Munaona mpeni?"

"Ayi."

"Munaona nkhope ya munthuyo musanaombe?"

"Ayi."

"Akanakhala wakuba weniweni, wopanda chida, akanakulandani chiyani?"

"Foni."

"Ndiye munkateteza moyo kapena foni?"

Tumbikani anali ndi mayankho. Anali atawakonza m'selo, osalala ngati a mu holo muja. Koma anayang'ana kumabenchi n'kuona Watipa, mkono uli pachifuwa m'nsalu yoyera, ndi mayi ake a iye mwini atazolika. Mfundo zonse zinasungunuka.

"Bwana, sindinkateteza moyo," anatero. "Mfuti ndinaba kwa bambo anga. Ndinainyamula chifukwa anthu anandiseka, ndipo ndinkafuna tsiku loti ndidzaigwiritse ntchito. Makolo anga anandichenjeza onse awiri. Ndine wolakwa."

Anamulamula kukakhala kundende zaka zisanu ndi ziwiri.

Patapita miyezi inayi, Watipa asanakwere ndege yobwerera kwawo, anapita ndi mayi Rosina kukamuona. Tumbikani anamuyang'anitsitsa. Anadikira mawu aja, anadikira chipongwe chilichonse, ngakhale chowawa chotani. Watipa anakhala pabenchi mwaulemu, n'kuika dzanja lopuwala lija pamiyendo.

"Muli bwanji, a Tumbikani?"

Mnyamatayo analira ngati khanda. "Watipa, nditukwane. Ndiseke. Undibisire nsapato. Chonde."

"Ndinakukhululukirani," anatero Watipa. "Ndimakupemphererani tsiku lililonse. Koma kuseka kuja kunatsala pa fumbi paja. Ndikati ndikuyambeni nthabwala, ndimamva kulira kwa mfuti."

Nthawi yoona akaidi itatha anaimirira, n'kumupatsa dzanja lamanzere.

Ku Syokimau ndege zikudutsabe pamwamba pa denga lija, ndipo masiku ano zimamveka bwinobwino, pakuti Loweruka m'nyumbamo mumakhala zii.

Achinyamata, imvani. Kupambana mtsutso si kukhala ndi nzeru, ndipo mnzako amene akukuchemerera kuti unyamule chida sadzakhala nawe m'selo. Mfuti yobisa m'jekete sichotsa mantha, imawapatsa mano, ndipo amene amayandikira kumbuyo kwako kawirikawiri si mdani, ndi wako yemwe. Mukalandidwa foni, lirani foni. Mukasekedwa, pirirani manyazi, amatha. Musabe chida, musachinyamule popanda chilolezo, ndipo mayi anu akakuuzani kuti vulani jekete, vulani pomwepo, dzanja la wina lisanaume chifukwa cha inu.