Zala Ziwiri za Fainala

Emmie anakumana ndi Levison pa depoti ya Kasungu, tsiku lina la mphepo ndi fumbi. Namwinoyu ankadikira kabaza, yunifolomu ili mbee.

"Asisi, odwala anu amachira ndi mankhwala kapena ndi kumwetulira kwanuko?" anafunsa mnyamatayo.

"Kumwetulira sikuchiza malungo, achimwene."

"Nanga ine bwanji ndachira?"

Emmie anaseka, ndipo nambala ya foni inaperekedwa. Levison anati ndi mlimi wa fodya wa ku Simlemba, mbeta yopanda ngakhale womuchapira. Mameseji anayamba kugwa ngati mvula ya mu Januwale. "Duwa langa, ndikangogulitsa fodya ku okushoni, ankhoswe anga akubwera kwanu." Ndani akanakana mawu otere?

Koma Lachiwiri lililonse Levison sankaoneka. "Ndili pa mzere wa feteleza wa makuponi, switi," ankalemba choncho. Mzere wanji wosatha? Emmie ankangoukankhira kumbali mtima wokayikawo.

Masiku amenewo anamusamutsa kuchoka ku wodi ya ana kupita kuchipinda choonera odwala khansa. Sanamuuze Levison, poti ankaiwala zonse akamva mawu ake.

Kumeneko anadziwana ndi Fainala, mayi wachitsikana amene ankalandira mankhwala a m'diripi ku Lilongwe. Mankhwalawo anamuthothola tsitsi lonse, moti ankabisa mutu mu duku. Lachiwiri lililonse Emmie ankamukweza pa sikelo, kumuyeza kutentha kwa thupi, kumuunika zilonda m'kamwa, kenako n'kumufunsa za ululu.

"Chibakera ndiye kuti palibe ululu. Zala zonse khumi ndi ululu wosapiririka. Lero zingati, mayi?"

Fainala ankaimika zala ziwiri. Nthawi zonse ziwiri. Komatu thukuta linkachita kuyenderera, dzanja linalo litakanirira benchi, ndipo sikelo inkangotsika.

Tsiku lina Emmie anatseka chitseko. "Mayi, zala zanu zikuti ziwiri, koma thupi lanu likukana. Mukandinamiza, ndikupatsani mankhwala ochepa. Mukubisa chiyani?"

Fainala anawerama. "Anesi, bambo a kunyumba anati ndisamachulutse zala. Akuti mukandigoneka, iwo alibe nthawi yodzandidikirira."

"Ali kuti bambowo?"

"Amatsala kunja kwa geti, kuseri kwa mtengo wa mango. Akuti fungo la chipatala limawadwalitsa."

"Lero alinunkhiza. Tiyeni."

Anatuluka pang'onopang'ono, Fainala atatsamira phewa la namwino. Ali m'njira, foni ya Emmie inanjenjemera m'thumba. Anaisuzumira. "Mzere wa lero ndi wautali, duwa langa. Ndakusowa."

"Ndi awo," anatero Fainala, akuloza.

Pansi pa mangowo panali mwamuna atakhala pa njinga, akumwetulira foni yake. Atadzutsa mutu, kumwetulira kunazima. Anali Levison!

Emmie anamuyang'anitsitsa. Uyu ndiye wa ankhoswe uja? Uyu ndiye mbeta?

Levison anamukokera pambali, akunong'ona. "Emmie, ndimvetse. Uyu watsala pang'ono, iwe ndiwe namwino, ukudziwa. Tingopirira miyezi yochepa, ndidzakhala wako wekhawekha."

Emmie anachotsa dzanja la Levison pamkono pake ngati akuchotsa mbozi, ndipo anayankha mokweza kuti mkaziyo amve.

"Ndine namwinodi, bambo. N'chifukwa chake ndikudziwa kuti akazi anuwa akuonda ndi ululu umene inu munawaletsa kunena. Mukufuna ndizidikira maliro a wodwala wanga kuti ndivale velo? Kadikireni nokha pa mzere wanu uja."

"Duwa langa..."

"Dzina langa ndi anesi."

Misozi inali pafupi, koma anakana kuti igwe pamaso pa munthu ameneyu. Anatembenukira kwa Fainala, amene anamva zonse ali chilili.

"Mayi, ndinalakwa osadziwa. Mundikhululukire. Tiyeni tiyambirenso. Lero zingati?"

Fainala anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali. Kenako anakweza manja onse awiri, pamaso pake penipeni, n'kutambasula zala zisanu ndi zitatu.

"Ndipo mundigoneke, anesi. Wondidikirira ndiitana mkulu wanga. Awa apite akaone fodya wawo."

Anakonza duku lake, n'kugwira mkono wa Emmie. Akazi awiriwo analowa pageti osacheuka, foni ikulira m'thumba popanda woiyankha.