Nyali ya pa Kona ya Pamkuyu

Nkhani iyi sindinaithire mchere, ndipo sindikuinena kuti mundimvere chisoni. Wokayika akafunse a Thymios owotcherera zitsulo, akadali moyo ngakhale makutu ayamba kugontha. Akafunsenso mlamu wanga Rania, ngati angalole kuyankhula. Ine ndine Kalliopi, pamudzi amangoti Popi, ndipo amandidziwa kuti ndine mkazi wosadikira. Anzanga akamakambirana, ine ndimakhala nditachita kale. Khalidwe limeneli ndinkalinyadira mpaka chaka chimene mlongo wanga Stratos anagwa ndi galimoto.

Munali mu Disembala, nyengo yothyola maolivi. Stratos ankatsika phiri ndi pikapu yodzaza matumba, akupita kumakina ofinyira mafuta. Pa kona ya pamkuyu, makilomita asanu kuchokera kumudzi, matayala anaterereka ndi mvula, galimoto n'kukagwera kuphompho. Anamutulutsa akupuma koma sakudziwa kanthu. Kuchipatala cha m'tauni anagona masiku asanu ndi atatu osatsegula maso. Tsiku lotsatira dokotala anatikokera pambali n'kutiuza kuti tiitane wansembe.

Kuno ku Greece munthu akafera pamsewu timamuimikira kanyumba kachitsulo pamalo a ngoziyo, kamtanda pamwamba, kachitseko ka galasi kutsogolo. Mkati mumakhala chithunzi cha woyera mtima, nyali ya mafuta, botolo la mafuta ndi machesi. Wodutsa aliyense akapeza nyali yazima amaima n'kuyatsa, kaya womwalirayo ankamudziwa kaya ayi. Wopulumuka pangozi nayenso amaimika kake kothokoza, koma m'menemo nkhope yake silowamo. Chithunzi cha munthu chimalowa mwini wake akafa basi, ndipo mwana aliyense amadziwa zimenezi. Kwathu kumapiri timanenanso kuti mzimu wa munthu wangozi subwerera kunyumba. Umathamangira pomwe magazi anagwera, ndipo ukapeza mdima umasochera mpaka kalekale.

Izi n'zomwe zinandisowetsa mtendere. Wansembe akumudzoza mafuta, ine maganizo anali pa kona ija. Stratos ndinamulera ndine mayi athu atamwalira, ndipo ali mwana sankagona popanda nyali. Ndinatuluka m'chipatala osatsanzika, ulendo wa kwa a Thymios.

"Popi, watisiya?" anafunsa atandiona pakhomo.

"Ayi, koma safika mawa."

"Ndiye dikira mawalo. Chitsulo sichiola."

"Akatsirizika lero n'kukapeza mdima, mukamuperekeza ndinu?"

"Iwe mkazi, pakamwa pakopo! Ndapanga tinyumba timeneti zaka makumi anayi, sindinaimikirepo munthu wopuma."

Ndinawaumiriza mpaka anatopa nane. Tinanyamula kanyumba kamodzi kopakidwa utoto woyera, tinakakazika pa kona dzuwa lisanalowe. Akulongedza zida zawo anandiloza ndi chala.

"Tinene kuti n'kothokoza. Koma chithunzi chake usaikemo. Ukundimva?"

"Ndamva."

Atatembenuka ndinaika. Ndinkati mzimu ukafika udzadziwa bwanji kuti nyumbayi ndi yake? Kanali kachithunzi kakang'ono ka pa chiphaso, ndipo ndinakabisa kuseri kwa chithunzi cha woyera mtima. Ndinayatsa nyali, ndinalira pang'ono, n'kubwerera kumudzi.

Patapita masiku awiri Stratos anatsegula maso n'kupempha madzi.

Chimwemwe chake sindingachifotokoze. Mkazi wake Rania anapsompsona anamwino onse, mpaka wokolopa yemwe. Ine ndinasangalala kuposa onse, koma za chithunzi sindinauze munthu. Zinali zamanyazi. Ndinkati ndikachichotsa Lamlungu, Lamlungu likafika ndili kuchipatala, ndipo kenako ndinadziuza kuti kapepala sikangapweteke munthu.

Anabwera kunyumba mu Febuluwale, akuyendera ndodo ziwiri. Poyamba tinkati kudwala ndi komwe kwamusintha. Stratos wakale anali wolongolola, woseka anthu komwera khofi mpaka ena kukwiya. Uyu ankangokhala pampando pafupi ndi zenera. Manja ake anali ozizira ngakhale akhale pamoto. Rania anamuphikira nyemba, nsomba, mbuzi yowotcha, iye osakhudza. Tsiku lina anati akufuna tirigu wowiritsa wothira shuga ndi makangaza.

Rania anagwetsa supuni. Chimenecho ndi chakudya chomwe timagawa pokumbukira akufa.

"Bambo a Eleni, mwati chiyani?"

"Tirigu. Ndikumva fungo lake."

Fungo linalipodi m'nyumbamo, koma silinali la tirigu. Rania ndiye anayamba kulimva, kenako ine. Fungo la chingwe cha nyali chikamapsa m'mafuta. Linkachokera m'malaya mwake, m'tsitsi, pa pilo. Rania anachapa zonse kawiri, koma silinachoke, ndipo galu wawo analeka kulowa m'nyumba.

Madzulo ena ndinapita kukawaona. Dzuwa linali litangobisala kuseri kwa phiri. Kunja kunkamveka mabelu a mbuzi zikulowa m'khola. Rania ankasenda mbatata, ine ndikumuuza za ukwati wa kwa aneba. Stratos anali atatseka maso, ndipo tinkaganiza kuti wagona.

Anadzidzimuka.

"Ayatsa," anatero.

"Ayatsa chiyani, bambo a Eleni?"

"Ndi mayi wovala jekete lofiira. Wathira mafuta ambiri, atayikira."

Anagwira ndodo zake n'kuimirira. Nkhope inaloza kukhomo. Maso anali otsegula koma sankationa. Anayamba kukoka miyendo, gwa, gwa, pasimenti.

"Stratos, ukupita kuti?" ndinamugwira mkono.

"Kwathu, achemwali."

"Kwanu ndi kuno."

"Kuno kuli mdima."

Magetsi onse anali oyaka. Tinamukhazika pansi anthu awiri, ndipo mphamvu zimene anali nazo sizinali za munthu wodwala. Rania anandinong'oneza kuti aka kanali kachitatu sabata imeneyo. Dzulo lake anamupeza atafika kale pageti.

M'mawa mwake ndinakumana ndi Vasso, mayi wobweretsa makalata m'midzi ya kumapiri. Anali atavala jekete lofiira.

"Popi, dzulo ndinayatsa nyali ya mlongo wako pamkuyu paja," anatero akuseka. "Undikhululukire, dzanja linaterereka, mafuta ndinataya theka."

Ndinapita kwa Rania n'kuulula zonse tili chiimire kukhitchini. Sanakuwe. Anandiyang'ana m'maso.

"Alamu, mwamuna wanga munamuika m'manda akupuma?"

"Ndinkafuna asasochere."

"Inu ndi kufulumira kwanuko. Pitani mukachotse. Lero lomwe."

A Thymios nditawauza anavula chipewa n'kudzilemba mtanda katatu. Sananditukwane, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri kuposa kutukwana. Anati tichotse chithunzi, tizimitse nyali, titsuke kanyumba konse, ndipo wansembe adzayatse yatsopano yothokoza. Rania anatsala kunyumba ndi Stratos. Tinagwirizana kuti foni ikhale yotsegula kuti tizimvana.

Tinafika pa kona cha m'ma folo koloko. Kunali kuwala bwinobwino. Koma kunali zii. Mphepo panalibe, mbalame panalibe, ngakhale galimoto imodzi yodutsa. Mkuyu unali wopanda masamba, monga umakhalira nyengo yozizira. Ndinaika foni pamwamba pa kanyumba. M'menemo ndinkamva wailesi ya kwa Rania ikuimba chapansipansi.

Galasi la kachitseko linali ndi nthunzi mkati, ngati munthu wapumirapo.

Ndinapukuta kunja. Nthunzi sinachoke. Inkachepa, n'kubweranso. Inkachepa, n'kubweranso.

"A Thymios, mukuona?"

"Ndikuona. Tsegula, usayankhule."

Ndinatsegula. Ndinalowetsa dzanja kuseri kwa woyera mtima. Kachithunzi kanali kofunda ngati katuluka m'thumba la munthu. Ndinakaika m'malaya.

"Rania, ali bwanji?"

"Ali phee. Akuyang'ana pazenera."

"Zimitsa," anatero a Thymios.

Ndinauzira. Kautsi kanakwera.

Pa foni panamveka mpando ukugwa.

Kenako Rania. Kukuwa kumeneko ndimakumvabe mpaka lero. "Wagwa! Alamu, wagwa! Sakupuma! Mwachita chiyani?"

"Yatsa!" anakuwa a Thymios.

Machesi a m'kanyumba anali onyowa. Woyamba unathyoka. Wachiwiri unangonunkha. A Thymios anandilanda bokosi, anakhwatcha wachitatu, n'kuutchinga ndi dzanja. Chingwe chinagwira moto.

"Rania?"

"Ayi! Milomo yayamba kuda! Mayi wanga ine!"

Nyali inkayaka. Galasi linali louma.

A Thymios anandiyang'ana. Nkhope yawo inali itatuwa.

"Bweza chithunzi," ananong'ona.

"Koma munati..."

"Bweza, mwana iwe."

Ndinabweza pomwe chinali. Ndinatseka kachitseko. Tinaima. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi ndi zisanu.

Pagalasi panaoneka kanthunzi kakang'ono.

Pa foni munthu anakhosomola.

Wansembe anabwera pa kona m'mawa mwake. Anapemphera, anafukiza lubani, anawaza madzi odalitsa. Nditamufunsa ngati tiyesenso kuzimitsa, anati zimenezi ndi zikhulupiriro za anthu akumudzi, Mpingo suphunzitsa choncho. Ndinamuuza kuti ndiye auzire yekha. Anayang'ana nyali ija, anapinda nsalu yake yaunsembe, n'kukakwera galimoto. Madokotala anati mtima wa munthu amene anavulala chotero umatha kuima n'kuyambanso. Mwina n'zoona. Ine sindinapite kusukulu ya udokotala.

Papita zaka zisanu ndi ziwiri. Kuyambira tsiku lija, nyali ikafooka nayenso Stratos amafooka. Ndimatsika pa kona ija kukathira mafuta kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, kaya kugwe chipale chofewa kaya ndidwale malungo a chimfine. A Thymios anamata mipata yonse kuti mphepo isalowe, ndipo pakachitseko tinaika loko. Ku ukwati wa mwana wanga mumzinda ndinangokhala maola atatu. Kamodzi kokha ndinachedwa, basi itafa panjira, ndipo ndinapeza moto utatsala ngati kambewu ka mpunga. Tsiku limenelo Rania anamupeza Stratos atagwa chafufumimba m'munda. Mlamu wangayo amandipatsa moni, koma m'maso sandiyang'ana.

Stratos ali moyo. Anaona mwana wake Eleni akumaliza sukulu. Amayenda ndi ndodo imodzi tsopano, amadya pang'ono, nthawi zina amamwetulira. Madzulo timakhoma geti. Za chithunzi palibe anamuuza, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti sadziwa.

Mwezi watha ndinadutsa kwawo ndi botolo la mafuta m'chikwama. Rania anali atapita kusitolo. Stratos anali pampando wake, ndipo anandiitana ndi dzanja.

"Achemwali, mukupita kumusi?"

"Ndikukaona munda."

"Musandinamize. Ndimakuonani tsiku lililonse. Mumatsegula ndi dzanja lamanzere chifukwa lamanja limanjenjemera."

Anandigwira dzanja, ndipo kuzizira kwake kunafika mpaka paphewa.

"M'kanyumba muja mumalowa anthu ambiri, achemwali. Onse amafika, amapuma pang'ono, n'kupitirira. Ine ndekha ndimatsala. Ndatopa kukhala kuwiri. Lero musathire."

"Usayankhule choncho, Stratos."

"Munandilera ndinu. Ndikupemphani. Musathire."

Ndinatsika phiri ndikulira ngati mwana. Ndinafika dzuwa likulowa. Mafuta anali atatsala pang'ono pansi pa kapu ya nyali, okwana mwina ola limodzi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, botolo lili m'manja, ndikuyang'ana nthunzi ikubwera ndi kupita pagalasi. Sindinafunikire kuchita chilichonse. Kungotembenuka n'kupita kwathu basi.

Ndinatsegula loko. Ndikupendeketsa botolo, ndinamva mpweya wofunda pa dzanja langa, ndipo m'kanyumbamo munthu anausa moyo.

Ndinathira mpaka kudzaza.